Ndinakalawa Mowa Wowawa wa Angelezi ku Benoni

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Springs, kwathu ndi ku Dedza. Nchito yanga ndiyo kulemba mashifiti a anthu, ndipo sindiri munthu woyendayenda. Koma Loweruka lomaliza la mwezi wa July ndinayenda ulendo waufupi wa ku Benoni, ndipo ndati ndikuuzeniko zimene ndinaona ndi zimene ndinalawa kumeneko. Ulendowo sunali wa chifuniro changa ai. Ndinachita kutumidwa ndi agogo anga, amene ali moyo kufikira lero, ngakhale maso ao saonanso bwino.

BOTOLO LA AGOGO

Agogowo anadza kuno ku Joni ndi Wenela m'chaka cha 1957, ali mnyamata wosakwatira. Anakwera ndege ku Nyasaland nakatera ku Francistown, ndipo pochoka kumeneko anakwera sitima ya pamtunda kufikira ku Johannesburg, kumene anthu anali kupimidwa ndi kugawidwa m'migodi. Iwo anagwera mgodi wina wa ku East Rand kuno, umene unatsekedwa kalekale. Atagwira nchito pansi miyezi ingapo, mwala unawaphwanya chala cha kuphazi, chotero anawachotsa pansi nawaika pa nchito yotsuka matambula ku kalabu ya azungu a pamgodipo.

Kumeneko ndiko anamva koyamba mau akuti bitter, amene iwo amawatchula kuti bita. Azungu ambiri anali kumwa Castle ndi Lion, koma panali nkhalamba zingapo zochokera ku England zimene sizinali kukhutira ndi mowa wa kuno, ndipo zikakhala pansi madzulo nkhani yao inali ya mowa wa kwao. Pa Khrisimasi ya 1958 mmodzi wa iwo, pokondwera ndi nchito ya agogo, anawapatsa botolo limodzi la mowa wochokera kutsidya kwa nyanja, lokhala ndi chizindikiro chofiira cha ngodya zitatu. Agogo analibisa m'jekete kuti akagawane ndi anzao a m'chipinda ku komboni. Koma asanafike pachipata anakomana ndi apolisi, amene anawapisa m'matumba nalipeza. Botolo linapita, iwo anagona m'chitokosi, nalipa faindi yoposa malipiro ao a mwezi wathunthu. Nchito ya ku kalabu inathera pomwepo, ndipo anabwerera pansi ndi chala chao chopunduka. Mzungu uja sanaonekere ku bwalo la milandu, pakuti nayenso akadapezeka wolakwa.

Mowa uja sanaulawe, ngakhale dontho limodzi. Pamene fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, iwo anagula botolo, nathira m'tambula, naliyang'ana, nati, "Uwu si uja. Uja unali wofiirira. Uwu ndi mbale wake wa Castle." Tsono tsiku limene ndinali kutsazika kuti ndidze kuno, anandigwira dzanja nati, "Iwe mdzukulu wanga, ukakafika ku Joni ukandifunire bita. Ukamwe tambula imodzi yokha, udzandiuze chimene ndinagonera m'chitokosi."

LAMULO LA MASIKU AJA

Achinyamata anzanga ena angadabwe kuti munthu amangidwa bwanji chifukwa cha botolo limene wachita kupatsidwa. Imvani tsono. Kuyambira mu 1897 boma la Transvaal linaletsa kugulitsa mowa wa chizungu kwa anthu akuda, makamaka chifukwa eni migodi anadandaula kuti anchito ambiri sanali kulowa pansi m'mawa wa Lolemba. Lamulo la mowa la 1928 linalimbitsanso chiletsocho. Munthu wakuda anali kuloledwa mowa wamasese wokha, wa m'komboni kapena wa ku holo ya mowa ya khonsolo ya tauni. Wofuna zina anali kupita mobisala kwa amai a mashebini, kumene kunali skokiaan ndi zakumwa zina zoononga m'mimba, ndipo apolisi anali kufika usiku ndi zitsulo zofufuzira migolo yokwiriridwa pansi.

Chiletsocho chinatha pa 15 August 1962. Kuyambira tsiku limenelo munthu wakuda anatha kugula botolo lake poyera, koma zitseko za mabala a azungu m'tauni zinakhala chitsekere kwa zaka zina zambiri. Ngakhale mu 1988 khonsolo ya Boksburg inaletsa anthu akuda kufika ku nyanja ya m'tauni yao, ndipo anthu a ku Vosloorus ndi ku Reiger Park anayankha mwa kuleka kugula m'masitolo a tauniyo. Lamulo lolekanitsa mitundu m'malo ochezera linafafanizidwa mu 1990, ine ndisanabadwe. Chotero chitseko chimene agogo anali kulowera kumbuyo ndi nsanza yopukutira m'manja, ine ndikhoza kulowera kumaso ndi ndalama yanga m'thumba.

PA NJIRA

Kupeza mowawo sikunali kwapafupi. Ndinafunsa m'malo omwera a ku KwaThema ndi ku Daveyton, koma palibe anaudziwa. Wina anandipatsa mowa wakuda wa stout, nati ndi umenewo. Wina ananditulutsira kabotolo kakang'ono ka mankhwala owawa amene amadontheza m'zakumwa zina. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine wofunsa ndinatsala pang'ono kumwa zimene sanandituma. Potsiriza makaniko wina wa pa mgodi wathu anandiuza za kanyumba kena ka mowa ku Benoni, ka mtundu umene Angelezi autcha pub, kumene mwini wake amafulula yekha mowa wa kwao kuseri kwa nyumba, natsegula mgolo umodzi Loweruka lomaliza la mwezi m'nyengo ya chisanu.

Sindinafune kupita ndekha, chotero ndinapempha mkulu wina wa ku Angonia, woyendetsa makina okoka miyala pansi, amene tonse timawatcha Madala. Iwo anaseka nati, "Tiye mphwanga, ndikakuperekeze, ungakasokere pakati pa azungu."

Tinakwera takisi ku Springs m'ma 11 koloko, kunja kukali kachisanu, tinadzera ku Brakpan. Amene mwayenda njira iyi mudziwa kuti matauni a kuno anatsatana ngati mikanda pa ulusi, Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Nigel, pakuti onse anamera motsata mwala wa golide umene uli pansi pao. Kuyambira mu 2000 anawaphatikiza pansi pa khonsolo imodzi yotchedwa Ekurhuleni, ndiwo mau a Chishangani otanthauza malo a mtendere. M'mbali mwa njira muli mapiri achikasu a dothi lotuluka m'migodi, ena athunthu, ena odyeka mbali imodzi ngati nsima yotemedwa. Kampani ya Ergo ku Brakpan imawasungunula ndi madzi a m'mipope yamphamvu, kuti itengemo golide wotsalira amene makina akale anamlephera. Madala analoza pamalo pena poyera nati, "Pamene ndinafika ine, apo panali phiri. Dothi limene anatulutsa agogo ako akulisefanso kachiwiri, eni ake atapita."

TAUNI YA BENONI

Dzina lakuti Benoni ndi la Chihebri, lochokera m'buku la Genesis monga tinaphunzira ku sukulu ya mishoni, ndipo litanthauza mwana wa chisoni. Analipereka mu 1881 mzungu woyesa malo, Johann Rissik, chifukwa malowo anamvuta kuyesa. Golide anapezeka pambuyo pake, mu 1887. Munthu amene anakonza maonekedwe a tauniyo ndiye Sir George Farrar, mkulu wa mgodi wa ERPM wa ku Boksburg, mgodi umene unakumbidwa kufikira mamita 3,585 usanaleke nchito ya pansi mu 2008. Farrar anakulira ku Bedford ku England, ndipo pofuna kukumbuka kwao anatcha miseu ya Benoni maina a kumeneko. Ndicho chifukwa chake mukatsika takisi mupeza Bedford Street, Woburn Avenue ndi Ampthill Avenue, maina ovuta pa lilime la Mchewa ndi la Mzulu lomwe. Nyanja zimene zakometsa tauniyo, monga Homestead ndi Kleinfontein, ndi madamu amene anamangidwa kusungira madzi a migodi.

Poyenda m'miseu imeneyo ndinaganiza kuti Angelezi nawo anali alendo kuno, ndipo mlendo aliyense amanyamula kanthu ka kwao. Ife timanyamula ufa woyera, usipa ndi nyemba za kwathu m'basi ya masiku awiri. Iwo ananyamula maina a miseu, mitengo ya kwao ndi mowa.

Tinapeza kanyumba kaja pa mseu wina wa mitengo yambiri, kumpoto kwa tauni. Pakhomo ndinaima pang'ono. Palibe anandiletsa, panalibe chikwangwani, panalibe mlonda. Koma miyendo inalemera yokha, ndipo ndinakumbuka jekete la agogo. Madala anandikankha pamsana nati, "Lowa mphwanga, ndalama iribe mtundu."

M'KATI MWA NYUMBA YA MOWA

M'kati munali mdima pang'ono ndi fungo la matabwa akale. Munalibe nyimbo zophokosera monga tizolowera kwathu ku malokeshoni, kumene munthu uchita kukuwa kuti mnzako amve. Anthu anali ngati 15, azungu ndi akuda omwe, atakhala awiriawiri, atatuatatu, kulankhula motsitsa mau. Pakhoma panali bolodi lozungulira loponyerapo timivi, ndi zithunzi zakale za nsanja za migodi. M'ngodya munali moto wa nkhuni.

Wogulitsa anali mnyamata wa ku Daveyton, amene anatilonjera m'Chizulu. Nditanena chimene ndadzera, anamwetulira, natenga tambula yaikulu, naiika pansi pa kampope kokhota. Pa kauntala panali chogwirira chamtengo chotalika ngati mpini wa kambazo. Iye anachikoka pang'onopang'ono, nachibweza, nachikokanso, kanai kapena kasanu, monga mai wojiga madzi pa mjigo wa kumudzi. Ananena kuti mgolo uli m'kachipinda kozizira pansi pa nyumba, ndipo mowa umakwera ndi mphamvu ya dzanja lake, wopanda mpweya wa m'chitsulo woukankha. Tambulayo ndiyo painti ya Angelezi, ya mamililita 568. Mtengo wake unali R65, ndalama yogula pafupifupi mabotolo atatu aakulu ku lokeshoni. Ndinalipira ziwiri, mtima ukuwawa mowa usanafike pakamwa.

Ndinaukweza kuloza ku zenera. Unali wofiirira monga ananena agogo, ngati tiyi wopanda mkaka kapena waya wa mkuwa, woyera bwino woonekera mbali ina, ndi kathovu kochepa pamwamba ngati chala chimodzi. Fungo lake linali la udzu wouma ndi la buledi wongotuluka mu uvuni.

Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti sunali wozizira kwambiri. Unali ngati madzi a mu mtsuko wokhala pamthunzi. Madala atalawa anaika tambula pansi nandinong'oneza kuti, "Furiji yao yafa awa, tiwabwezere." Chachiwiri, unalibe ukali wa mpweya uja umene umalasa pakhosi ndi kugeyetsa munthu. Unatsika mofatsa. Pa lilime unayamba ndi kukoma konga kwa chimanga chokazinga kapena nkhoko za mumphika wa nsima. Nditameza, ndipo kunadza kuwawa, kuchokera kumbuyo kwa lilime, nikukhala pamenepo nthawi yaitali.

Pano ndifuna mundimvetse, pakuti kuwawa ndi kuwawasa ndi zinthu ziwiri. Masese athu amawawasa, monga bwemba kapena thobwa logona. Uwu suwawasa konse. Umawawa monga ndiwo za luni zimene amai sanazitsanule madzi oyamba. Madala anakwinya nkhope nati, "Kwinini uyu." Inenso pakamwa poyamba ndinaganiza kuti ndataya ndalama yanga. Koma pakamwa pachitatu ndi pachinai ndinaona kuti kuwawako kumatsuka m'kamwa, kuchotsa kutsekemera kwa chimera, kotero kuti pakamwa potsatira pamakoma ngati poyamba. Suli mowa wogugudiza ndi ludzu. Umafuna munthu wokhala pansi, wosafulumira.

MTCHONA WA CHIZUNGU

Pafupi nafe panakhala nkhalamba ya chizungu ya manja aakulu okhala ndi zipsera, imene inaona nkhope ya Madala niseka. Inasendeza mpando wake, nitifunsa kwathu. Titanena kuti ndife a pa mgodi, nkhope yake inasintha, niyamba kutilankhula mosakaniza Chingelezi ndi Fanakalo. Anati kwao ndi ku Yorkshire, m'mudzi wa migodi ya malasha, ndipo atate wake ndi agogo ake onse anali a pansi. Anadza kuno m'zaka za m'ma 1980, pamene migodi ya kwao inali kutsekedwa umodziumodzi, akuganiza kuti akhala zaka zitatu. Mkazi wake anaikidwa m'manda a ku Benoni konkuno, ana ake anabalalika m'maiko ena, ndipo kwao kulibenso womdziwa. Mgodi wakuya wotsiriza wa malasha ku Britain, wa Kellingley, unatsekedwa mu December 2015. Madala anandiyang'ana nati m'Chichewa, "Mtchona uyu, mnzathu."

Nkhalambayo ndiyo inatimasulira za mowawo, ndipo zina ndinaziwerenga ndekha pambuyo pake. Zopangira zake ndi zinai zokha: madzi, chimera cha barele, yisiti, ndi maluwa a chomera chotchedwa hops. Barele amamnyika m'madzi, namera, namuumitsa pa moto, monga momwe amai athu achitira ndi mawere kapena chimanga. Hops ndi chomera choyanga pa zingwe ngati nyemba, chotalika kuposa denga la nyumba, ndipo maluwa ake obiriwira ndiwo amawiritsa pamodzi ndi madzi a chimera. Amenewo ndiwo apatsa mowa kuwawa ndi fungo, nauteteza kuti usaonongeke msanga. Mitundu yake yotchuka ku England ndiyo Fuggle ndi Golding, yolimidwa kwambiri ku Kent. M'dziko lino hops amalimidwa kufupi ndi tauni ya George, kumwera, m'tsinde mwa mapiri a Outeniqua.

Dzina lakuti bitter, ndiko kunena wowawa, silinaperekedwe ndi ofulula ai. M'zaka za m'ma 1800 ofulula anali kuutcha pale ale, koma omwa pofuna kuusiyanitsa ndi mowa wina wotsekemera pang'ono wotchedwa mild, anali kungoitanitsa wowawa uja, ndipo dzinalo linakhazikika. Ukali wake ndi wochepa, kawirikawiri magawo 3 kapena 4 pa 100, pamene Castle Lager ali ndi magawo 5. Nkhalamba ija inati ndi chifukwa chake unali mowa wa anthu a nchito zolemetsa. Munthu wotuluka pansi ndi fumbi kukhosi anali kumwa painti yake, kucheza ndi anzake, napita kunyumba ndi miyendo yake.

Za kuzizira anati Madala asanyoze furiji ya eni ake. Mowa wa mtundu wa lager, umene timwa tonse kuno, umene amafulula m'mafakitale aakulu monga ya ku Alrode ku Alberton, umawira pamalo ozizira kwambiri masabata angapo, nausefa, nautsekera m'botolo ndi mpweya, ndipo utha kukhala miyezi. Koma uwu umawira pofunda masiku owerengeka, yisiti wake nayandama pamwamba, ndipo amauthira mu mgolo ukali wamoyo, kuti ukatsirize kupsa m'chipinda cha pansi cha nyumba yogulitsiramo. Amaumwa pa madigiri 12 kapena kufupi ndi pamenepo, pakuti ukazizira kopitirira kukoma kwa chimera kumabisala. Mgolo ukatsegulidwa, mphepo imalowamo, ndipo pakapita masiku atatu kapena anai mowa umasasa. Ndicho chifukwa chake m'dziko lotentha ngati lino supezeka wamba, ndipo mwini nyumbayo amautsegula m'chisanu mokha.

Nditamva zimenezi ndinati m'mtima, kodi si masese amenewa? Mowa wa chimera, wamoyo, wosakhalitsa, woti anthu a m'mudzi asonkhane aumalize usanasase. Ndinanena chomwecho kwa nkhalamba ija, ndi kuifotokozera za mowa wa dima umene timwa titalimira mnzathu munda, ndi chipanda chimene chimayenda kuchokera m'dzanja kunka m'dzanja. Iye anavomera ndi mutu, nati kale ku England nakonso ofulula mowa anali akazi, m'nyumba zao, hops asanafike m'dzikomo m'zaka za m'ma 1400, ndipo mowa ukapsa mai anali kuimika mtengo pakhomo kuti odutsa adziwe. Anatinso mowa wa mu mgolo unatsala pang'ono kutha kwao komweko, pamene makampani aakulu anayamba kugulitsa wosefa wa mpweya, wosavuta kusunga, kufikira omwa ena anapangana mu 1971 nayambitsa bungwe la CAMRA louteteza. Kuno ku South Africa amene anayamba kubwezera mowa wa mtundu uwu ndi ofulula ang'onoang'ono, ndipo woyamba wao anali Mitchell's wa ku Knysna mu 1983, amene anafulula wotchedwa Bosun's Bitter.

CHIZINDIKIRO CHOFIIRA

Tambula yanga itafika pakati, ndinalimba mtima ndi kumfunsa za botolo la chizindikiro chofiira cha ngodya zitatu. Iye anayankha msanga kuti ameneyo ndi Bass, wa ku tauni ya Burton upon Trent, kumene kampaniyo inayamba mu 1777. Madzi a m'zitsime za kumeneko ali ndi mchere wina wa m'miyala wotchedwa gypsum, umene uchititsa mowa kuyera ndi kuwawa kwake kumveka bwino, kotero kuti ofulula a kwina amathira mcherewo m'madzi ao potsanzira Burton. Chizindikiro chofiiracho ndicho chinali choyamba kulembedwa m'kaundula wa zizindikiro za malonda ku Britain, mu 1876, ndipo mabotolo ake anafika m'maiko onse kumene Angelezi anafika. Anati wa m'botoloyo ndi wa mu mgolowu ali pa ubale ngati mkulu ndi mphwake. Pamenepo anandifunsa kumene mnyamata ngati ine ndinalidziwira botolo limenelo.

Ndinamuuza zonse, za Khrisimasi ya 1958, za jekete, za chitokosi ndi za chala. Iye anakhala chete nthawi, akuyang'ana m'tambula yake. Kenaka anakweza dzanja kuitana wogulitsa kuti andithirire ina pa ndalama yake. Ndinathokoza, koma ndinakana, ndi kumuuza kuti agogo anati imodzi yokha. Sanakakamize. Anagula mtedza wokazinga, tinadya tonse atatu, ndipo Madala, amene anati kwinini, anamaliza tambula yao yonse nanyambita milomo. Potsazikana nkhalambayo inandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, niti ndikauze agogo kuti mnzao wa pansi akuwapatsa moni.

Tinatuluka dzuwa likupendeka, tinayenda pansi kufikira pa Homestead Dam, kumene ana a mitundu yonse anali kuthamangitsa abakha, ndipo tinakwera takisi kusanade.

YANKHO LA AGOGO

M'mawa mwake, anthu atatuluka m'tchalitchi, ndinaimba foni kwa mlongo wanga, amene anapita nayo kwa agogo pakhonde. Nditawapatsa moni sanafunse za nchito kapena za chisanu. Anati, "Waupeza?"

Ndinati, "Ndaupeza, agogo. Ndamwa tambula imodzi monga munanena."

"Nanga ukoma bwanji?"

Ndinati, "Poyamba ngati nkhoko, pambuyo pake ngati luni. Suledzeretsa msanga. Ndipo agogo, si mowa wa mabwana ai. Ndi masese a kwao, a anthu okumba pansi ngati inu. Nkhalamba zija zinali kungolira kwao."

Kunakhala chete, kotero ndinayesa foni yaduka. Kenaka ndinamva kuseka, kuseka kwakukulu kofikira kutsokomola, mlongo wanga nawagwira pamsana. Atapuma anati, "Ha! Malipiro a mwezi wathunthu chifukwa cha luni! Luni amene wamera yekha kuseri kwa khola!" Nditawauza za moni wa mtchona wa chizungu uja, anati, "Ukadzamuona umuuze kuti ndamva. Kodi ali ndi womuika?" Funso limenelo sindinathe kuliyankha.

Tsono abale anga, amene muli ndi mtima wofuna kulawa, pitani mukalawe, pakuti chitseko chiri chotsegula ndipo palibe adzakupisani m'thumba. Musakaudandaule kuti sunazizire, ndipo musakauweruze ndi pakamwa poyamba. Koma mupite Loweruka, osati usiku woti m'mawa muli ndi shifiti, pakuti kachipangizo kouzira mpweya pachipata cha mgodi sikasiyanitsa mowa wa Angelezi ndi wa ku lokeshoni. Ndiponso muyambe mwatumiza ya kumudzi. Ine ndinawerenga ndalama ya matambula awiri ndi takisi ya anthu awiri, ndipo ndinapeza kuti sabata yonse yotsatira ndiwo zanga zinali kabichi. Sindidandaula, pakuti ngongole ya 1958 ndaibweza, ndipo agogo aseka.

Ndikadzapita kwathu pa tchuthi cha Khrisimasi ndidzapempha amai afulule mbiya imodzi ya masese a mawere, kuti ine ndi agogo tidzakhale pakhonde ndi chipanda chimodzi, ndiwafotokozere bwino za chogwirira chonga mjigo chija, chimene pa foni sanachimvetse.

Tsalani bwino nonse. Ndine wanu,

Kalaliki wa ku Springs